Ng'ombe Imene Ndinamanga Kudambo

Masiku ano ukangotsegula wailesi umamva za madzi okhaokha. Uku mitsinje yasefukira, uko mphepo yasasula madenga, kwina dzuwa lapsereza chimanga. Akuti nyengo yasokonekera dziko lonse lapansi. Ine ndimamvetsera n'kumagwedeza mutu ngati katswiri, pakuti nkhani zoterezi ndinayamba kuziwerenga kalekale, ndili mesenjala ku ofesi ya zaulimi ku Karonga, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba.

Sukulu ndinalekezera sitandade folo kwathu ku Chiradzulu. Zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha ndi nyuzipepala zakale zimene mabwana ankataya, zina zonunkha usipa chifukwa zinali zitakulungapo kale ndiwo. Ndinkadziwa za mayiko akutali kumene anthu amakhala padenga masiku atatu madzi atazinga mudzi. Koma kamtsinje kodutsa kumunsi kwa nyumba imene tinkakhala, njira yopita ku Mwenilondo, sindinkakadziwa ngakhale pang'ono.

Aneba athu anali Ankhonde, alimi a mpunga, bambo osalankhulalankhula. Ng'ombe zawo zinatha ndi matenda, n'kutsala imodzi yokha yaikazi ndi kamwana kake. Ng'ombe imeneyo ndiyo inali chuma chonse cha pakhomopo. Mkaka wake ankausasitsa kukhala chambiko, ndipo ana awo anayi ankakhalira chomwecho m'miyezi imene mpunga usanache.

Tsiku lina Lachinayi, mwezi wa Epulo, aneba aja anabwera m'mamawa atagwira njinga. Akazi awo matenda a uchembere anali atayamba, ndipo ankawaperekeza kuchipatala kuboma. Ana anali atawatumiza kale kwa abale.

"Adada," anatero, pakuti ankanditchula choncho ngakhale anali aakulu kwa ine, "mundiyang'anireko ng'ombe. M'mawa muziitulutsa, ipite kudambo ndi zinzake. Kamwana kazitsala m'khola. Koma musaimange, yayi."

"Musadandaule, achimwene," ndinatero. "Za ziweto ndinawerenga."

Lachisanu ndinachita monga ananenera. Pobwera kuntchito ndinapeza mayi wina ataima pakhomo pathu, manja m'chiuno, akulalata m'Chinkhonde. Mawu sindinamve, koma mpunga wodyedwa nsonga umene anaugwira m'manja unali kulankhula Chichewa chomveka bwino. Ndinapepesa mpaka mawondo anatsala pang'ono kugunda pansi.

Ndiye Loweruka ndinaganiza mwanzeru. Kwathu ku Chiradzulu malo ndi ochepa, mbuzi iliyonse imadya ili pachingwe. Ndinatenga chingwe cha khonje, ndinasema chikhomo chachitali, n'kukachikhomera pakati pa dambo pamene panali msipu wobiriwira kuposa pena paliponse. Mfundo ndinamanga ziwiri, yachitatu ya chikumbumtima. Amuna awiri amene ankadutsa anaima n'kundiyang'ana.

"Mwezi uno mukumanga ng'ombe, a mesenjala?"

Ndinayang'ana kumwamba. Kunali ngwee, popanda ndi kamtambo komwe. Ndinawamwetulira ngati munthu wowerenga amene akukhululukira anzake osawerenga.

Loweruka tinkaweruka masana. Nditadya, ndinakhala patsinde pa mango ndi chidutswa cha nyuzipepala chokhala ndi chithunzi cha anthu akupalasa bwato pakati pa tauni. Ndinali kufotokozera akazi anga, amene ankapeta mpunga osandimvetsera kwenikweni, kuti madzi otere amabwera mvula ikagwa masiku ambiri osaleka.

"Bambo," anandidula, "nanga amayi awa akubwereranji ndi ndowa zopanda madzi?"

Anali amayi atatu, akuyenda mothamanga. Mmodzi anakuwa kuti mtsinje wafiira ndipo ukubwera ndi makungwa a nthochi. Mvula inali itagwa kumapiri a kumadzulo, kutali kumene ife sitinkaona, ndipo madzi ake anali atatsika kudzatipeza dzuwa likuswa mtengo. Kenaka ndinaona ng'ombe za m'mudzi zikukwera kumtunda zokha, pamzere, popanda wozikusa. Apa m'pamene ndinamva zimene aneba ankatanthauza. Ng'ombe za kumeneko zimadziwa madzi asanafike, ndipo yosamangidwa imadzipulumutsa yokha.

Ndinathamanga. Nditafika m'mphepete mwa dambo ndinazindikira kuti m'manja ndagwira nyuzipepala, osati mpeni.

Dambo lonse linali litasanduka thamanda lofiira loyenda pang'onopang'ono. Pakati pake panali ng'ombe ija, madzi ali m'mimba, ikukoka chingwe, maso atatuluka. Chingwecho chinali chachifupi, ndiye madzi akamakwera mutu wake unkakokedwera pansi. Ndinalowa ndi nsapato za boma zomwe. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno, ozizira ngati a m'mtsuko. Ndinagwira mfundo ya m'khosi, koma khonje likanyowa limatupa. Mfundo zanga zitatu zija zinali zitasanduka mwala. Ndinayesa ndi zala, ndinayesa ndi mano. Ndinayesa kuzula chikhomo, koma ndinali nditachikhoma ndi mtima wonse.

"Bambo! Gwirani ichi!"

Anali akazi anga, chitenje atachikwinyira m'chiuno, chikwanje atachinyamula pamwamba pa mutu. Anali atalowa m'madzi kunditsatira. Ndinawauza kuti abwerere msanga, iwo n'kundiyankha kuti ndidule chingwe kaye, zolamula ndikalamulire kunyumba. Ndinamira mpaka m'khosi, ndinapapasa pamene chingwe chinakhudza chikhomo, n'kuyamba kucheka. Chitangoti phwa, ng'ombe inadzutsa mutu, inafwenthera, n'kutembenukira kumtunda.

Akazi anga anali atafika kale posaya. Ine ndiye phazi linaterereka, ndipo apo ndinakumbukira kuti m'zowerenga zanga zonse munalibe phunziro la kusambira. Chimene dzanja langa linapeza ndi mchira. Ndinaugwira ndi manja onse awiri, ndipo ng'ombe imene ndinapita kukaipulumutsa inandikoka ngati ngolo, madzi akundilowa m'mphuno, mpaka mawondo anga anagunda nthaka. Anthu amene anasonkhana pamtunda anayamba ndi kukuwa, n'kumalizira ndi kuseka. Mmodzi mwa amuna awiri a m'mawa aja anandigwira mkono n'kundiimiritsa.

"A mesenjala, kalata yake ndi iti yofulumira chonchi?"

Ndinakhala pansi m'matope, nsapato imodzi itapita, n'kumayang'ana ng'ombe ikuthamangira kukhola kumene kamwana kake kankalira. Mumtima munali mopepuka mwa mtundu wina umene sindinaumveponso. Madzulo ake madzi anali atamiza dambo lonse, ndipo Lolemba anaphwa n'kusiya mchenga m'minda ya m'munsi.

Aneba anabwera Lachiwiri, ndi akazi awo ndi khanda lalikazi. Ndinali nditakonza mawu opepesa masiku atatu, ena ndinachita kuwalemba papepala. Koma nkhani inali itawapeza kale kuchipatala, itakula mpaka kumveka kuti ndinakwera ng'ombe pamsana.

Anapita kukhola, ine ndikuwatsatira m'mbuyo ngati wopalamula. Anaisisita ng'ombe pakhosi pamene chingwe chinasupula khungu, anaikweza miyendo umodziumodzi, anaiyang'ana m'kamwa. Kenaka ananjuta n'kugwira mawere.

"Onse anayi alipo," anatero. "Mchira nawonso mwaubweza, adada. Yewo."

"Achimwene, ndinalakwa. Munandiuza."

"Ndinakuuzani theka. Chifukwa chake sindinanene, ndinkathamangira." Anayang'ana kunyumba kumene khanda linali litayamba kulira. "Mayi wake akufuna mkaka. Tagwirani chikho ichi, muchigwire bwino, pakuti kugwira ndiye mumatha."

Ndinanjuta pambali pawo, ndipo mkaka unayamba kulira m'chikho.