Kaudzu Koyezera Diso la Kamera

Kamera ya malemu atate inkakhala m'chitini pansi pa bedi la agogo, amene anandilera kuyambira ndili khanda. Galasi lake lakutsogolo, limene agogo ankalitcha diso, linasweka kalekale. Ndili ku sekondale ndinazindikira kuti filimu idakalimo ndipo sinathe. Ndinafuna kujambula agogo pa malo otsalawo, kuti akhale pa filimu imodzi ndi zinthu zimene mwana wawo anaona.

Anavomera zokagula galasi lina, koma anakana kuti kamerayo ituluke m'nyumba. Anasolola kaudzu padenga, n'kuyeza kukamwa kwa kamera, n'kudula ndi chikhadabo. Nsapato zanga ankagulanso choncho: phazi linkatsala kunyumba, kaudzu n'kupita ku Boma.

Tinapita tonse awiri ku Bomako, kumene kunali bambo wina wachikulire amene kale ankajambula maukwati. Tsopano ankagulitsa mawaya a foni, koma anali ndi magalasi atatu akale a kamera m'sokosi.

"Kamela yanu ni ya mtundu bwanji, amama?" anafunsa.

"Ni yakuda," anatero agogo, akuwapatsa kaudzu.

"Kukamwa kwake kuli mizele monga botolo, olo kuli mano?"

Onse anayang'ana ine. Kamerayo ndinali nditaipenyetsetsa kambirimbiri, koma mano kapena mizere sindinazikumbuke.

"Iyi si nsapato, amama," anatero bamboyo akuseka.

"Chilichonse chili na saizi, adada. Pimani chabe."

Kaudzu kanakwana ndendende pa galasi lachiwiri, ndipo tinalitenga.

Kunyumba linalowa pang'ono koma silinagwire. Ndinapotoza kumanja, ndinapotoza kumanzere, linkangogwedera. Ndinayezanso ndi kaudzu, kanakwanabe mbali zonse ziwiri. Sindinamvetse kuti zinthu zofanana muyeso zingakanane bwanji. Agogo anadula mphira wa chubu cha njinga, n'kulimanga galasilo mmene timamangira thumba la mtedza pa kaliyala. Kenako anavala duku la kutchalitchi, n'kukhala pafupi ndi nkhokwe.

Nditasuzumira pa kazenera ka kamera ndinangoona nkhungu.

"Ukuniona?"

"Nikuonani, agogo," ndinanama. Ndinadina mpaka filimu inakana.

Filimuyo tinaitumiza ku Lusaka ndi munthu wa pa basi kuti akaitsuke. Patapita miyezi panabwera zithunzi zokha, zosakanikirana, popanda filimu yake. Za atate zinali zofiirira ndi zosuluka: chigafa cha fodya, ng'ombe ziwiri, anthu amene agogo sanawadziwe. Zina zinali zoyera mbee. Chimodzi chinali cha mayi wa duku atakhala pafupi ndi nkhokwe, nkhope yake yosaoneka.

"Ichi ananijambula mwana wanga," anatero agogo, n'kuchiika m'Baibulo.

Ine ndinkakhulupirira kuti ndinajambula ndine. Nkhokwe yathu sinasunthepo pamalo pake, ndipo duku lija anali nalo ine ndisanabadwe. Chithunzicho chili ndi ine tsopano, ndipo sindidziwabe ngati galasi lija linagwirako ntchito ngakhale kamodzi.