Kabedi ka Ming'alu

Pamsewu wonse uja panalibe wosawadziwa Asandiyambe. Dzinalo anadzipezera okha, chifukwa asanamenye munthu ankayamba aloza chala n'kunena kuti, "Musandiyambe inu." Ukamva zimenezo, thawa, nsapato uzitola mawa. Ali mtsikana anagulula dzino la kondakitala wa basi ndi chigongono. Atakwatiwa, mbale za paukwati zinatha chaka chisanathe, zina pakhoma, zina pamsana pa amuna awo. Amunawo anali mmisiri wopenta nyumba za anthu, n'chifukwa chake ankatchedwa Apenti, bambo ofatsa mpaka kukwiyitsa. Mbale ikasweka ankangotenga tsache n'kusesa.

Mwana anali mmodzi, wamkazi, ndipo nayenso sanapulumuke. Atakula kale, tsiku lina anapsereza diresi la mayi ake posita. Mayiwo anazula waya wa ayironi yomweyo n'kumukwapula nawo mpaka khutu linang'ambika. Mtsikanayo ananyamula chikwama magazi akutsikira m'khosi, ulendo. Anakwatiwa kutali, mayi ake osaitanidwa. Foni ankaimbira bambo ake okha.

Nyumba itazizira choncho, Asandiyambe anayamba kutsuka mbale muholo ya maukwati. Kumeneko masaviyeti a maluwa, aja opukutira pakamwa, ankatsala milumilu n'kutayidwa. Mayi wina wokongoletsa holoyo anawaonetsa kuti maluwawo amamatika pazinthu zakale n'kuoneka ngati ojambula ndi dzanja.

Ntchito imeneyi imafuna mtima, ndipo mtimawo ndi umene mayiwa analibe. Saviyeti umaisenda mpaka kutsale kapepala kapamwamba kokha, kopyapyala koti ukapumira kauluka. Duwa sulidula ndi sizasi. Umalizunguliza ndi burashi yonyowa, n'kulimyotola ndi zala, n'kuliyala pa guluu. Ukangokanikiza, lang'ambika. Masiku oyamba zitini zinkauluka pakhonde paja, matusi akumveka mpaka kumsewu. Koma anakakamira. Kenako anaphunzira za ming'alu: penti wakuda pansi, akauma upake guluu wambiri, guluuyo asanaumitse upake penti woyera, burashi idutse kamodzi basi, osabwereza. Ukaika padzuwa penti amang'aluka yekha, wakuda uja n'kumasuzumira m'ming'alu. Mathireyi a dzimbiri, mabotolo, mipando ya kudzala, zonse zinayamba kuvala maluwa. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayi aja ndiye asinthatu, ena mpaka kuwapatsa moni osayang'ana kothawira.

Apenti okha ndi amene zinkawawawa. Kwa mmisiri wa penti, mng'alu ndi manyazi. Khoma likang'aluka ndiye kuti waba penti, wathira madzi, kapena sudziwa ntchito. Akaona mathireyi aja ankangoti, mkazi wangayu penti akumukana, ndiye akubisa ndi maluwa. Kufunsa ankaopa, nawonso mayiwo sankafotokozera munthu kanthu. M'nyumba muja anthu ankangopatsana mchere.

Ndiye foni inalira. Mwana uja wachira, mwana wamwamuna. Anauza bambo ake kuti Loweruka masana abwera kudzawaonetsa khandalo. "Amayinso amuone," anatero, "koma ndikangomva phokoso ndibwerera pageti."

Asandiyambe atamva anakhala pansi pasimenti n'kulira, chinthu chimene amuna awo anali asanachionepo. Ankafuna kumunyamula mdzukuluyo, ankafunitsitsa zedi. Anakapempha kabedi ka mwana kamene kanatayidwa kuseri kwa holo, kothyoka mwendo, konunkha makoswe. Anakatsuka, kukakhoma, kukapala. Pansi anapaka penti wabuluu, pamwamba wa mkaka, ndipo ming'alu inatuluka yaing'onoing'ono, yokongola kuposa yonse imene anapangapo. Kumutu anamatako timaluwa tachikasu, kamodzikamodzi, atagwira mpweya. Pakamwa pawo sipakanatha kunena kuti pepa. Kabediko ndi kamene kakanawanenera.

Loweruka m'mawa anapita kukagula katiresi koyala pakabedipo. Apenti anatsala okha pakhonde, maso pa kabedi kaja. Anayendetsa chala m'ming'alu n'kupukusa mutu. Nyumba ya mmisiri wa penti, mdzukulu woyamba, agone pachinthu chong'aluka? Nsikidzi zidzabisala mmenemu, mwana adzakanda n'kudya. Ndipo chisoni chinawagwira ndi akazi awo, kuvutika konse kuja penti n'kuwakanabe. Ndiwathandize, anaganiza, akabwera apeze zili bwino. Anatenga chopalira ndi sanipepa. Maluwa onse anagwa pansi ngati mankhusu. Anatsegula chitini cha penti wamafuta, woyera mbee, n'kupaka mosalala, mwaukatswiri, akuimba kaluzu. Abale, munthu kudzikumbira dzenje akuimba kaluzu!

Asandiyambe analowa pageti katiresi kali pamutu. Anaima. Apenti anamwetulira, burashi ili m'manja.

"Mayi, taonani. Ming'alu ija ndaitseka yonse."

Tsiku limenelo chala sichinalozedwe, chenjezo panalibe. Katiresi kanagwera m'fumbi. Chitini cha penti chinanyamuka ndi manja awiri n'kukatera pamwamba pa diso la Apenti, phwa! Bambo aja anagwa chagada, penti ndi magazi zikutsikira limodzi m'makutu.

"Ndani anakutumani? Ndani? Galu inu!"

"Mayi, ndimati ndikuthandizeni..."

Anaponda kabedi kaja, n'kuzula thabwa la m'mbali lili ndi misomali yake. Loyamba linatera paphewa. Lachiwiri Apenti anatchinga ndi mkono, ndipo mkonowo unalira kuti thyo, anthu a kuseri kwa mpanda anamva. Anthuwo anali atadzaza kale, mitu yokhayokha pamwamba pa mpanda, amayi akukuwa kuti mupha munthu, koma wolowa panalibe. Ndani akanalowa? Asandiyambe ankamenya amuna awo, kumenya kabedi, kumenya khoma, thovu lili kukamwa. Mathireyi ndi mabotolo amene anali pawindo anapita onse. Apenti anakwawira kukona atafumbata mkono, akungoti, "Pepani, pepani."

Phokoso la kumpanda linazima mwadzidzidzi. Asandiyambe anacheuka, thabwa lili m'mwamba.

Pageti panaima mwana wawo, khanda lili pachifuwa m'shawelo. Kumbuyo kwake takisi inali isanazimitse n'komwe injini.  Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana thabwa lija.

Thabwa linagwa. "Mwananga, tamvera kaye. Ndinakukonzera kabedi, ndiye awa..."

"Ababa, dzukani."

"Kanali ndi maluwa, funsa aliyense. Ndinakakonza ndekha."

"Ababa, gwirani phewa langa. Tiyeni kuchipatala."

Oyendetsa takisi anabwera kudzathandiza kuwadzutsa. Akudutsa, Asandiyambe anapukuta manja padiresi, koma penti wamafuta sachoka choncho, anangofalikira pamodzi ndi magazi. Anatambasula manjawo.

"Ndingomuonako nkhope. Sindimugwira. Nkhope yokha."

Mwana wawo anakoka shawelo n'kuphimba mutu wa khandalo, n'kutembenuzira msana kwa mayi ake.

"Musayandikire."

Chitseko cha takisi chinatsekedwa. Apenti sanabwererenso m'nyumba muja, akukhala kwa mwana wawo, ndipo mkono unapola mokhota moti burashi sagwiranso. Asandiyambe akadali pakhonde pomwe paja, akusenda masaviyeti. Amene amapita kwa mwana wawoyo amati mdzukuluyo pano akuthamanga, ndipo anthu amakangana kuti anatengera ndani.  Chimene Asandiyambe anaona tsiku lija ndi kaphazi kamodzi, katatulukira pansi pa shawelo.