A Kadi ndi Mpini wa Muwanga

Ndikakumbukira a Kadi, ndimamva fungo la mtengo ukupsa ndi chitsulo chamoto, utsi woyera wowawa m'maso umene unkatuluka pabowo la mpini akamalowetsamo msuka wa khasu, kachitsulo kosongoka kaja kolowa mumtengo, ndipo ndimamvanso kukhosomola kwawo kouma pakhonde la nyumba yawo ya zidina, nkhuku zikupalasa m'tizibenthu timene kasemasema wawo ankagwetsa. Anali oyandikana nafe m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, kumene ndinkakhala ndi agogo anga aakazi, Anachisale, m'zaka zoyambirira za matipate.

Dzina lawo lenileni linali Wedisoni, koma palibe ankalitchula. Ife ana tinkaganiza kuti ankagulitsa makhadi a chipani kale, n'chifukwa chake tinkawaopa pang'ono. Zoona zake zinali zakuti anagwira ntchito zaka makumi atatu pabwalo la gofu ku Lilongwe, kunyamulira osewera chikwama cha ndodo zawo, ndipo onyamula otero amatchedwa makadi. Ntchitoyo inawasiyira phewa lamanja lotsika kuposa lamanzere, msana wokana khasu, ndi ndodo imodzi ya gofu imene mzungu wina anawapatsa pobwerera kwawo. Inali ya mpini wachitsulo woonda ngati chala, mutu wake wopendekera, ndipo kumbuyo kwa mutuwo kunali kachidutswa ka mtovu komatidwa. Madzulo dzuwa likapepa ankaima pabwalo n'kumamenya nayo zitsononkho kulunjika pachulu. M'mudzi monse munalibe wina amene anaonapo gofu, choncho tinkangoti akuluwo mutu unazungulira m'tauni. Koma mipini ya makasu ankaidziwa, ndipo oseka omwewo ankabwera nawo makasu awo pakhonde paja.

Agogo aamuna anamwalira m'nyengo yokolola. Agogo aakazi anali a chitengwa, anachoka kwawo ku Nambuma ali mtsikana kudzakhala kwa amuna awo, ndiye kuti munda umene analima zaka makumi anayi sunali wa mtundu wawo. Masika atapita, dzuwa litayamba kuwawa, mng'ono wa malemu, a Sandikonda, anabwera n'kukhala pampando pakhomo pathu. Sanakalipe. Sanali munthu wokalipa, ndipo ine ndimaona kuti otero ndiwo ovuta.

"Alamu, ine sindikukuthamangitsani ayi," anatero. "Koma munda sugona. Mvula ikagwa, pamene pali mizere m'panu. Pamene palibe, ndiwokerapo fodya."

"Ndamva, alamu," agogo anayankha.

Tanthauzo lake aliyense analimva. Munda ukapita, chakudya chapita, ndipo mayi wachitengwa wopanda munda amanyamula mitolo yake kubwerera kwawo. Ku Nambuma agogo anali atatsala mlendo, ndipo manda a amuna awo anali kuno. Aganyu sakanawalemba, chifukwa chimanga cha m'nkhokwe chinali chitathera pamaliro. Anzawo a mvano anawathandiza tsiku limodzi n'kubwerera m'minda mwawo. Ine ndinali wa sitandade folo, khasu langa linali lokandira pansi chabe.

Agogo anasiya khasu lawo lakale, limene linali litatha ngati supuni, n'kutenga la malemu. Linali la mutu waukulu, mpini wake wa muwanga, mtengo wolemera ndi wolimba kwambiri, wautali wofika pachifuwa, wakuda ndi wosalala chifukwa cha thukuta la zaka zambiri. Pamalo awiri pogwira panali potsika pang'ono, pamene manja a agogo aamuna anadya mtengowo. Analima nalo sabata imodzi, mizere inayenda pang'ono, koma madzulo alionse ankalephera kukweza mkono kuti amange duku.

Loweruka kunabwera amalume a Josefe, mwana wawo, amene ankayendetsa galimoto ku Lilongwe. Anali munthu wokoma mtima ndi wofulumira, ndipo zinthu ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi pamaonongeka katundu. Ananyamula khasu lija, n'kupukusa mutu.

"Amayi, chinthu ichi chikupheni. N'cholemera kwambiri."

Agogo ali kudambo kotunga madzi, amalume anabwereka sowo n'kudula mpini uja kumapeto, utali wa chikhatho chimodzi ndi theka. Agogo atabwera anayang'ana khasu, anayang'ana kachidutswa kali pansi, anakatola n'kulowa nako m'nyumba. Amalume anabwerera m'tauni Lamulungu ali okhutira kuti athandiza.

Munda wathu unayambira kuseri kwa nyumba ya a Kadi. Lolemba m'mawa, ndisanapite kusukulu, ndinawaona akutsika pakhonde ndi ndodo yawo ya gofu ija, akuyenda mopendekera kudutsa m'mapesi mpaka pamene agogo ankalima atawerama ngati akufuna singano.

"Anachisale, mwadzuka bwanji? Khasu lanu likulira molakwa."

"Kodi makasu amalira, a Kadi?"

"Amalira. La achimwene, amuna anu aja, ndakhala ndikulimva zaka khumi ndili pakhonde. Linkati *dii*, kamodzi. Lero likuti *phwa, phwa*, kawiri pamalo amodzi. Ndani walidula?"

Analitenga n'kuligoneka pachala chimodzi, akulisuntha pang'onopang'ono mpaka linakhazikika osagwa. Anaonetsa agogo pamene panali chalacho, kutali ndi mutu. Kenako anachita chimodzimodzi ndi ndodo yawo, ndipo chala chinakhala kumunsi, kufupi ndi mutu.

"Kulemera kuli pawiri, mayi," anatero. "Kuli kwa m'manja, kuli kwa kumutu. Kwa kumutu ndiko kumalima. Kwa m'manja kumangokudyani mapewa."

Anafotokoza za mayi wina wa kubwalo la gofu kuja, mkazi wa dokotala, amene mwamuna wake anamudulira ndodo zake zachimuna kuti zimukwane. Pasikelo zinapepukadi, koma mpira unakana kukwera, unkangokwawa ngati khoswe, chifukwa ndodo ikafupika mutu sumveka m'manja ndipo munthu amayamba kuikankha ndi mphamvu m'malo moileka kuti igwe yokha. A Kadi anamumatira mtovu kumutu kwa ndodozo, zinalemera kuposa kale, mpira n'kuyamba kuuluka. Anati mpini wolemera wachitsulo umayenera mwamuna wamphamvu ndi waphuma, chifukwa umamugwira kuti asathamange. Achikulire ankasangalala ndi mipini yatsopano yakuda imene inabwera a Kadi ali pafupi kupuma ntchito, yopepuka ngati bango, chifukwa mutu unkathamanga popanda kuukakamiza. Koma ukapepukitsa zonse, mutu ndi mpini womwe, munthu sadziwanso kumene kuli mutu, amamenya paliponse.

"Ndiye muwanga uwu unali wa achimwene, munthu wa mapewa. Inu mukufunika mutu womwewu, koma mpini wautali wa malaina, wopepuka. Ndili nawo wouma bwino. Mawa lomwe mulimira."

Agogo analanda khasu lija.

"Sinthani mutu, mpini usiyeni."

"Mutuwo ulibe mlandu, mayi. Wolakwa ndi mpini."

"Mutu amuna anga anagula ku sitolo kwa a Saidi. Aliyense angagule. Mpini anasema okha, ndipo manja awo ali apa." Anaika chikhatho pamalo potsika paja. Panali patatsala pamodzi, pena panapita ndi sowo.

A Kadi sanatsutse. Anangoti, "Ine ndanena za kulemera basi. Zinazo sindizidziwa," n'kubwerera kukhonde kwawo. Ankatero nthawi zonse. Zaka makumi atatu zopereka ndodo kwa anthu osamva zinawaphunzitsa kunena kamodzi n'kukhala chete, wina akamenyera mpira m'tchire n'kupita kukaufuna.

Masiku anayi agogo analima ndi khasu lodulidwa lija. Ndinkawapeza ndikaweruka, dzuwa lili paliwombo, fumbi lofiira litawamatirira m'miyendo, akumenya dothi louma kawiri katatu kuti liphwanyike, akupuma pakati pa mzere atagwira m'chiuno, mitambo ikuunjikana chakumadzulo n'kubalalikanso. Mzere umene kale ankaumaliza nkhuku zisanatsike m'khola unkawatengera m'mawa wonse. Ine zinkandikwiyitsa. Ndinkaona kuti ndi liuma chabe, ndipo tsiku lina ndinatero kumene, n'kulandira diso limene sindinaiwale. A Sandikonda ankadutsa m'malire ndi njinga yawo, kupereka moni mwaulemu, maso akuwerenga pamene patsala. A Kadi ankamenya zitsononkho zawo osayang'ana kumunda, koma mpini wa malaina unali utasemedwa kale, utatsamira pakhoma pamene aliyense wodutsa akanauona.

Lachisanu m'mawa agogo sanapite kumunda. Anasamba, anavala chitenje chochapa, anatenga khasu n'kupita nalo pakhonde la a Kadi ngati akupereka mwana kuchipatala.

"Mpiniwu musauthyole," anatero.

"Sindiuthyola."

Anagogoda mpini pamwala mosamala mpaka mutu unasolotoka, n'kupereka muwanga uja kwa mwini wake ndi manja awiri. Anaika msuka pamakala mpaka unafiira, anaulowetsa mu malaina, anauzulanso, anauwotchanso, katatu, mpaka unakhala. Kenako anayamba ntchito imene ena osema sankachita. Anauza agogo kuti aime pabwalo, atsinzine, akweze khasu n'kulileka ligwe.

"Mukuumva mutu?"

"Ndikuumva pang'ono."

Anapala mpini chakumapeto ndi chidutswa cha botolo, n'kuwapatsanso.

"Nanga pano?"

"Ukundikoka."

"Wakoka kwambiri kapena bwino?"

Agogo analileka ligwe kachitatu. Linalowa m'dothi louma la pabwalo kamodzi, n'kuima lokha.

"Eya," anatero a Kadi. "Musalimenye. Inu ntchito yanu ndi kukweza ndi kuperekeza. Kugwa lidziwa lokha."

Kuyambira tsiku limenelo mizere inathamanga. Agogo ankalima ataweramuka, ndipo duku ankamanga okha. Sanathokoze a Kadi ndi mawu ambiri, anangowatumizira mbale ya chiponde, iwonso analandira osafunsa. Mpini wa muwanga unakhala mpiringidzo wa chitseko chathu, ngakhale unali waufupi ndipo unkagwira mbali imodzi movutikira.

Mvula inagwa masana a Lachiwiri la sabata yachitatu, yamphamvu, ya fungo la dothi. Inapeza patatsala kachigawo ka kumunsi, kufupi ndi dambo, malo a mizere isanu ndi inayi, ndipo kanali kachigawo kachonde kuposa munda wonse. M'mawa mwake a Sandikonda anabwera ndi ana awo ndi zikhomo. Sanapitirire ngakhale phazi limodzi pamene panali mzere womaliza wa agogo, komanso sanasiye ngakhale phazi limodzi la pamene panalibe. Agogo anaima n'kumaonerera, mbewu ya chimanga ili m'chitenje, kenako anatembenuka n'kuyamba kubzala gawo lawo. Munda wotsalawo unali wokwanira. Ku Nambuma sanabwerere, ndipo atamwalira patapita zaka khumi ndi ziwiri anaikidwa m'mudzi momwemo.

A Kadi anatsogola kumanda, zaka zitatu agogo asanamwalire. Ndodo ija anatenga mdzukulu wawo wa ku Mpingu, ndipo ndinamva kuti amapunthira nyemba.

Nkhani ya mizere ija inandikhala pamtima nthawi yaitali, chifukwa ndinkadziwa masamu. Ndi khasu latsopano agogo ankalima mizere itatu kapena inayi patsiku kuposa ndi lodulidwa lija. Akanamvera a Kadi Lolemba lomwe lija, dambo likanakhala lathu. Ndili ku sekondale, patchuthi, tikusenda mtedza pamkeka, ndinawauza zimenezi, ndi nzeru zonse za mwana wa fomu thiri.

"Ndimadziwa," anatero osakweza mutu. "Ndinkadziwa tsiku lomwelo kuti a Kadi akunena zoona. Kodi ukuganiza kuti mapewa anali ako?"

"Nanga bwanji munakana?"

"Pamaliro sindinalire bwino, kunali alendo ofuna kudya. Masiku anayi aja ndi amene ndinalira agogo ako. Mizere isanu ndi inayi si yambiri."

Lero ndimaphunzitsa ku Kabudula, ndipo gofu sindinamuonebe ndi maso. Amuna anga anamwalira chaka chatha. Patangopita mwezi abale anayamba kundiuza, mwachikondi ndithu, kuti ndichoke m'nyumba yaikulu imene tinkakhala ndi malemuwo ndikalowe ya pasukulu imene inali itapezeka, chifukwa ikanapatsidwa kwa wina. Ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinawauza kuti andidikire. Nyumba ya pasukulu analowamo mphunzitsi wina, ndipo ine ndimapalasa njinga makilomita asanu ndi limodzi m'mawa uliwonse. Si ambiri.