Merle ndi Lamulo la Mapiko

Merle Dombrowski wa ku Toledo anagwira ntchito yoyeza masikelo a m'masitolo kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma anangopitiriza kuyeza anthu. Loweruka lililonse masana ankakhala kumutu kwa tebulo m'galaja mwake, madayisi ali m'kathumba, buku la malamulo a masewera lili pamphuno. Iye ndiye ankayendetsa nkhani ya mafumu ndi zilombo, anzake aliyense n'kumasewera ngati munthu wake wongopeka. Koma mukaona mmene ankanyambitira chala potembenuza tsamba, mumati ndi woweruza wa khoti lalikulu. Munthu wachabechabe, ndikukuuzani.

Pa anthu asanu ndi awiri amene anayamba naye, panatsala awiri: Rhonda wogwira ntchito kulaibulale, ndi Lyle Haskett, mnzake wa paubwana. Enawo anatopa ndi kumva kuti buku silikutero.

Lyle ankasewera ngati wansembe wa m'nkhalango, munthu wotha kusanduka nyama. Malamulo a kusandukako Merle ankawadziwa kuposa tsiku lobadwa la mkazi wake: usasanduke nyama imene sunaionepo, ukakhala nyama usalankhule, ndipo chilichonse cha mapiko n'choletsedwa mpaka utakwera kufika pa mlingo wachisanu ndi chitatu wa masewerawo. Lyle anali pa wachisanu ndi chiwiri. Anakhalapo mmbulu, chimbalangondo, ngakhale khoswe, koma kuuluka ayi.

Kenako sitiroko inamugwetsa. Miyendo inafa, dzanja lamanja nalonso, ndipo mwana wake wamkazi anaganiza zopita naye kutali ku Arizona kukamusamalira. Loweruka lomaliza mwanayo anamukankha pa njinga ya olumala mpaka patebulo, nati abwera kudzamutenga. Rhonda anabweretsa pitsa. Aliyense ankadziwa kuti Loweruka lina kulibe.

M'nkhanimo atafika pamwamba pa phompho lakuya, Lyle anayang'ana mnzake.

"Aise, lero ndisanduke chiwombankhanga. Kamodzi kokha."

Chisoni Merle anachimva ndithu, tisamunamizire. Koma chala chinali chitafika kale patsamba. Anayamba kufotokoza kuti lamulolo silinangoikidwa, kuti wouluka msanga amaononga masewera a anzake, kuti akamulola lero mawa aliyense adzafuna. Aliyense uti? Mawa lake liti? Rhonda anamuponda phazi kunsi kwa tebulo, n'kunena poyera kuti iye alibe nazo vuto, Lyle auluke. Merle anayankha kuti lamulo salivotera.

"Watsala pang'ono, aise," anatero mopanda ndi manyazi omwe. "Masabata atatu okha."

Lyle anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anati basi, asanduka mbuzi ya m'mapiri. Anayamba kutsika phompholo mwala ndi mwala, akuponya dayisi ndi dzanja lamanzere pa sitepe iliyonse, poti Merle anafuna zitero. Likagwa pansi, Rhonda ankamutolera. Zinatenga mphindi makumi anayi, ndipo mwana uja ataliza hutala panja, mbuziyo inali isanafike pansi.

Galimoto itachoka, Rhonda anatenga jekete lake osatsanzika. Merle anatsala yekha ndi makatoni a pitsa, mtima ukumuluma. Bwanji ngati analakwitsa? Anatsegulanso buku, n'kuwerenga mzerewo kawiri, chala chikutsata liwu lililonse. Wachisanu ndi chitatu. Anapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi. Sanalakwitse.