Telala Amene Anayesa Adokotala Kusoka

Tsiku limene matendawa anadziulula, a Masulani anali atagwada m'shopu mwawo, timapini tili kukamwa, akupinda mwendo wa buluku la kasitomala. Kasitomalayo anali mphunzitsi wamkulu, munthu wamtali wosakonda kukhudzidwa. Mwadzidzidzi china chake chinawabaya a Masulani pansi pa nthiti zakumanja mpaka kutulukira kumsana. Analavula timapini tija, n'kukumbatira miyendo yonse iwiri ya aphunzitsiwo, nkhope ataikwirira m'maondo mwawo, akubuula. Aphunzitsi anangoima chilili, manja ali m'mwamba. Chitseko chinali chotsegula. Mayi a saluni yoyandikana nayo, amene maso awo sadziwa tchuthi, anasuzumira kamodzi kokha n'kubwerera kukauza mtsikana amene ankamuluka kuti telala wagwidwa ndi mkazi wa mwini ndipo akupepesa. Pofika madzulo, msewu wonse unali utadziwa ngakhale msinkhu wa mkaziyo.

Mkazi panalibe. Kuchipatala anawapaka mafuta ozizira pamimba, kuwaunika ndi makina, n'kuwauza kuti m'ndulu mwawo mwadzaza timiyala. Njira yake inali imodzi: opaleshoni, ndulu ichoke. Anawachenjezanso kuti akazengereza, kamwala kena kadzatseka njira, ndipo tsiku limenelo sadzabwera akuyenda okha.

Kuti mumvetse chimene chinavuta, muyenera kuwadziwa a Masulani. Dzinali si la makolo ayi. Analipeza pa ntchito. Chiyambire kusoka, palibe msoko wa munthu wina umene unawakhutiritsapo. Mukawapatsa malaya kuti angoikapo batani, iwo amayamba awatembenuza, kuwayang'ana mkati, kupukusa mutu, n'kunena mawu amodzi omwewo: "Masulani." Kutchalitchi amakhala kumbuyo, osati chifukwa cha kudzichepetsa, koma kuti aziona bwino mapewa a majekete. Pa ukwati wa mwana wawo yemwe, anthu anawaona akupisa chala m'kolala ya mkwati pa nthawi yojambulitsa. Aliyense wofuna ntchito m'shopu mwawo amapatsidwa kachigamba, singano ndi ulusi, n'kuuzidwa kuti asoke mzere umodzi iwo akuona. Ambiri amatuluka kachigambako kali m'manja.

Choncho mpeni sankauopa. Munthu amene wakhala akudula nsalu za anthu moyo wake wonse sangadane ndi kudula. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti akadulidwa, wina adzawasoka, iwo ali m'tulo, osatha kuona, osatha kudzudzula.

"Inu bambo, ndi mimba imeneyi, si suti," anatero akazi awo.

"N'chifukwa chake. Suti ikalakwika timamasula. Ine mudzandimasula?"

Apa m'pamene analowerera alamu awo, mchimwene wa mayiwo, dalaivala wa magalimoto aakulu, amene ulendo uliwonse amabwerako ndi mankhwala atsopano. Anakhala pa mpando wa makasitomala, kuvula nsapato, n'kufotokoza kuti madokotala amangokonda kucheka. Timiyala timatuluka tokha. Munthu asale kudya tsiku lathunthu, kenako amwe kapu yodzaza ya mafuta a olivi osakaniza ndi madzi a mandimu, agonere kumanja bondo atalipinda. Kukacha, zonse zili panja.

"Munaonapo wina atachira, alamu?"

"Ndi maso angawa ayi. Koma amene anandiuza ndi munthu wosamwa mowa."

A Masulani anamwa. Za usiku umenewo akazi awo safuna kukamba, amangoti makatani anawachapa kawiri. Koma m'mawa mwake bambowo anatuluka m'chimbudzi nkhope ikuwala, atanyamula sefa ya tiyi, imene kuyambira tsiku limenelo sinalowenso kukhitchini. Munali timibulu tobiriwira, tofewa, ngati nsawawa zosakhwima. Anatitsuka, kutiika m'botolo loyera, n'kupita nalo kushopu, kukaliimika pawindo pafupi ndi ulusi. Aliyense wobwera kudzayesa chovala ankayamba waonetsedwa botolo. Mayi a saluni anabwera ndi chipeso m'manja, kuliyang'ana, n'kufunsa ngati a Masulani anasamba m'manja asanagwire diresi lawo.

Windolo limalandira dzuwa lonse la masana. Pofika nthawi yoweruka, m'botolo munalibe mwala ngakhale umodzi. Munali timadzi tobiriwira, tamafuta, tonunkhira mandimu patalipatali. A Masulani analigwedeza, kuliyang'ana pansi, n'kufunsa ngati wina analowa iwo atapita kokadya. Atabwerera kuchipatala kukaunikidwanso, namwino anawafotokozera mokoma mtima kuti chimene anatulutsa ndi mafuta awo omwe aja, ataundana m'matumbo. Timiyala tenitenito tinali pomwe paja, tonse, titakhala phee ngati anthu odikira basi. Alamu anali atanyamuka kale ulendo wina, ndipo foni yawo sinkapezeka.

Munthu wina akanagonjera pomwepo. A Masulani anayamba kafukufuku. Kasitomala aliyense amene ankamuyeza m'chiuno ankafunsidwa ngati anachitidwapo opaleshoni, ndipo akavomera, ankapemphedwa kukweza malaya. Anthu ndi odabwitsa: ambiri ankakweza. Anaona chipsera cha wogulitsa nyama, cha mlonda wa pabanki, cha mkulu wina wa kwaya. Ankavala magalasi, kuwerama, kutsata mzerewo ndi chala ngati akuyang'ana mpendero wa siketi.

"Apa anakoka kwambiri. Apa ulusi unamuthera, analumikiza. Uyu ankathamangira kunyumba."

Wogulitsa nyama uja, amene kwa zaka zambiri ankanyadira chipsera chake, anatuluka m'shopumo atakhumudwa, ndipo mpaka lero amasoketsa kwina.

Miyezi inapita. Kudwalako kunkabwera pafupipafupi, makamaka akadya zonona. Anasiya zokazinga, anasiya mazira, malamba anaboola mabowo atsopano. Tsiku lina anadula nsalu ya ukwati ya munthu mokhota chifukwa ululu unawabaya ali mkati modula, chinthu chimene sichinawachitikirepo. Anakhala pansi nthawi yaitali akuiyang'ana. Akazi awo, amene anabwera ndi chakudya chamasana, anaika mbale patebulo n'kuwagwira chibwano, kuwatembenuzira kuwindo.

"Maso anuwa ayamba chikasu. Ine ndakupirirani pa zambiri, bambo. Koma kukhala wamasiye chifukwa choti mwamuna wanga ankafuna msoko wowongoka, zimenezo sindikafotokozera ana."

Sanakweze mawu. Zimenezo n'zimene zinawaopsa a Masulani.

M'mawa mwake anapita limodzi kuchipatala. Dokotala wa opaleshoni anali mayi wachitsikana, wamfupi, wovala nsapato zamasewera, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Anaona zotsatira za magazi n'kunena mosazungulira kuti nthawi yoganiza yatha, agonekedwe lero lomwe. A Masulani maso anali kwina. Anali akuyang'ana thumba la gauni ya adokotala, limene linali litayamba kumasuka pakona. Kenako anapisa m'jekete, n'kutulutsa kachigamba kodulidwa pakati, singano yake ili pomwepo, ulusi woloweka kale. Anakaika patebulo, pamwamba pa mapepala.

Akazi awo anatseka maso.

"Ichi n'chiyani, bambo?" anafunsa adokotala.

"Mzere umodzi wokha, mwanawe. Pepani, adokotala. Kwathu kushopu aliyense amayambira pamenepa."

Adokotala anawayang'ana, kuyang'ana mayiwo, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Atatha, anakankhira singano ija pambali, n'kunena kuti iwo ali ndi yawo. Anatsegula kabati, kutulutsa kasingano kokhota ngati mbedza ndi tizitsulo tiwiri togwirira. Nsalu sanaikhudze n'chala. Ankabaya, kukoka, kumanga mfundo, kudula, n'kuyambanso pena, mfundo iliyonse payokha, dzanja likuyenda ngati likuluka. A Masulani anaiwala ululu, anasendeza mpando.

"Bwanji mukudula paliponse? Ulusi mukuwononga."

"Kuti pena pakaduka, pena pagwire."

A Masulani anatenga kachigamba kaja, kukatembenuza, kukakoka uku ndi uku, kukaunika kuwindo. Anakakokanso mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Akazi awo akuti milomo ya bambowo inayamba kale kupanga mawu aja a masiku onse, koma sanatuluke.

"Kukongola ayi," anatero pomaliza. "Pa diresi sindingalole. Koma n'zolimba."

"Ndiye ndalembedwa ntchito?"

"Mongoyembekezera."

Anawagoneka, kuwapatsa mankhwala masiku angapo kuti kutupa kutsike, kenako anawalowetsa. Akuti mawu awo omaliza tulo tisanawatenge anali opempha kuti ulusi ukhale wogwirizana ndi khungu.

Atadzuka, chinthu choyamba anapempha magalasi. Anakweza chovala cha chipatala, okonzeka kuona mzere wautali woti aziukamba moyo wawo wonse. Panalibe. Panali timapulasitala tinayi tating'ono, kamodzi pamchombo. Adokotala anafotokoza kuti ndulu anaitulutsira pa kabowo, akuonera pa kanema, ndipo ulusi uli mkati mwa khungu, udzasungunuka wokha. A Masulani anatsitsa chovalacho. Kenako anafunsa kuti mayeso aja anali a chiyani tsono, poti munthu anadziwa kuti msoko wake sudzaoneka. Adokotala anayankha kuti nawonso ankafuna ntchitoyo.

Panopa a Masulani ali bwino. Mazira abwerera, malamba abwerera pa mabowo akale, ndipo alamu akabwera amapatsidwa tiyi koma saloledwa kukamba za matenda. Chimene sichinapole ndi mtima. Amaona ngati anawabera mwayi. Sabata imene anatsegulanso shopu, anapita kusaluni kuja kukadandaula, mitu ya anthu ili m'mafuta, n'kukweza malaya kuti mayiwo adzionere okha kuti palibe ngakhale poyambira kudzudzula. Mayi a saluni anawerama pang'ono, chipeso chili kukamwa, n'kuchichotsa.

"Aneba, tsitsani malayawo, makasitomala anga sanadye. Chaka chonse mwatisowetsa mtendere mumsewu muno chifukwa cha timabowo ta mabatani tinayi?"