Bakha Amene Tinasiya ku Liwonde

Zimene ndinataya ndi izi.

Mkazi wanga.

Munthu wondidzutsa m'bandakucha pondikoka chala cha kuphazi.

Phokoso la makina osokera pakhonde.

Chiyao chochepa chimene ndinali nditayamba kumva.

Mwana amene tinkati tidzakhala naye tikakhoma malata panyumba yathuyathu.

Zina ndikuzizindikirabe mpaka pano, chimodzichimodzi. Apa ndilemba za bakha, chifukwa ndi nkhani yokhayo imene ndimatha kuikumbukira kuyambira poyamba mpaka pomaliza osasokoneza.

Ndimaphunzitsa masamu pasekondale ina kufupi ndi Balaka. Kwathu ndi ku Phalula, m'banja la tchalitchi, ndipo Chisilamu ndinalowa pomukwatira iye. Iye kwawo kunali ku Nselema. Ankasoka madiresi ndi mayunifolomu pakhonde la nyumba imene tinkachita lendi. Akafuna kundiseka ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo ankafuna kundiseka pafupifupi tsiku lililonse.

Ku Liwonde kunali malo odyera a bambo wina wa ku China amene anabwera ndi omanga misewu n'kutsalira. Pawindo pake pankalendewera abakha ootcha, ofiirira, onyezimira ngati awapaka vanishi. Tikamapita ku Nselema minibasi inkaima chapafupi kudikira anthu, ndipo mkazi wanga ankasuzumira mpaka khosi kutuluka pawindo.

"Aphunzitsi, inu munapita ku koleji. Tandiuzani, bakha uja ndi yemweyu wa kwathu wodya matopeyu?"

"Ndi yemweyo."

"Bodza. Amayi akaphika bakha timatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Uyu akuoneka woti ungamudye ndi milomo yokha."

Anafunitsitsa kumulawa. Sanali munthu wopempha zinthu, choncho chimenechi ndinachisunga. Chovuta chinali chimodzi: sankadya nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu, ndipo panalibe wodziwa kuti abakha a pawindo aja anawapha ndani. Iye mwini ndiye anapeza njira. Tidzapita ndi bakha wathu, bamboyo adzangotiotchera.

Ulendo wina tili ku Nselema, mlongo wake wamkulu, amene ine ndimati alamu, anazinga bakha wa amayi awo. Mkazi wanga anamusosola, anamuwawula pamoto, anamutumbula, n'kumudula nthulinthuli monga amachitira mayi aliyense wodziwa ntchito. Anathira mchere, anaika m'kandowa kotseka, tinakwera nako minibasi.

Pamalo odyerapo tinalandiridwa ndi mayi wina wachikulire wovala mpango kumutu. Ndiye ankaperekera zakudya, ndiponso ankamasulira, poti Chichewa cha bamboyo chinali cha moni ndi zikomo basi. Tinafotokoza chimene tinabwerera. Bamboyo anatuluka m'khitchini akupukuta m'manja, anatsegula kandowa, anayang'ana. Anatola ntchafu, anaitembenuza, anaibwezera. Kenako anagwira kumutu n'kulankhula mawu ambirimbiri.

"Akufunsa kuti wachita zimenezi ndani," anatero mayi uja.

"Ndine. Chalakwika n'chiyani? Kwawoko amaphika ndi nthenga zomwe?"

Mayi uja anamasulira, bamboyo anayankha.

"Akuti bakha wabwino, wonenepa bwino. Koma mwamupha kawiri."

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira mpando, ngakhale ndinaona kuti zamupweteka. Tinauzidwa kuti bakha wa mtundu umenewo amaotchedwa wathunthu, khungu lake lisanang'ambike paliponse, chifukwa chimene anthu amabwerera ndi khungulo. Nthuli sizingabwerere pamodzi. Kenako azimayi awiriwo analowa m'Chiyao, ine n'kumangotola mawu apa ndi apo. Pomaliza mkazi wanga anandiuza zimene anagwirizana. Tidzabwere naye wamoyo, ndidzamuzinge ine kuseri kwa khitchini, zotsalazo adzachite mwini ntchito. Uvuni wa abakha sulowamo china chilichonse, ndipo nkhumba ili ndi mapoto akeake. Mayi uja anati amaonetsetsa yekha, poti nayenso amaswali.

Kuti tisabwerere ndi njala, anatibweretsera timitanda ta ufa wa tirigu tokulunga kabichi ndi mazira mkati, tophika ndi nthunzi m'kadengu ka nsungwi. Tinali toyera, tofewa, topinda m'mphepete ngati mpendero wa diresi. Mkazi wanga anatenga kamodzi n'kukayang'anitsitsa mopendamo.

"Wapinda izi amadziwa kusoka," anatero. "Koma ndi masamusa awa. Masamusa amene anathawa mafuta."

Anayesa kudya ndi timitengo tija. Kamtanda kanaterereka, kanagwera m'msuzi wakuda, msuziwo unandithimbirira malaya. Anaika timitengo pambali, anasamba m'manja, anadya ndi zala. Msuzi wa mkati unamuwotcha lilime ndipo anapitirizabe, akupumira m'kamwa. Anamaliza kadengu kake n'kuyamba kanga.

"N'zokoma," anatero tikutuluka. "Koma si zimene ndinabwerera."

Nthuli zija tinakaphika kunyumba. Tinatafuna mpaka nsagwada kuwawa.

Bakha wachiwiri anatipatsa amayi anga ku Phalula. Tinamunyamula m'katoni yoboola tsiku Lachisanu sukulu itatsekera. M'minibasi anatulutsa mutu n'kujompha bambo wina pakhutu, ndipo mkazi wanga anapepesa m'malo mwake ngati ndi mwana wathu.

Ndinali ndisanazingepo chilichonse. Chilowereni Chisilamu, nkhuku ndinkapita nazo kwa aneba. Kuseri kwa khitchini bamboyo anandipatsa mpeni, anandionetsa ndi chala pakhosi pa bakha kuti bala likhale laling'ono, lisapitirire apa. Mayi uja anandilozera mbali imene timayang'ana poswali. Mkazi wanga anagwira mapiko ndi miyendo. Ndinatchula dzina la Mulungu chapansipansi.

"Mokweza, aphunzitsi. M'kalasi mumakuwa bwanji?"

Ndinabwereza mokweza, ndinadula. Bala silinapitirire pamene anandionetsa. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, osaseka.

Zotsatirazo tinaonerera titaima pakhomo. Bamboyo anasosola bakha mosamala ngati akuopa kumudzutsa. Zamkati anazitulutsira pakabowo ka kunsi kwa phiko. Kenako anatenga kampope, analowetsa paipi pakhosi, pakati pa khungu ndi mnofu, n'kuyamba kupopa. Bakha anafufuma ngati chubu cha njinga. Mkazi wanga anandigwira mkono.

"Mukuziona izi? Ku Nselema ndikakanena adzati ndayamba bodza."

Anamukoleka pa ngowe, anamuthira madzi owira mpaka khungu linakungika, anamupaka madzi a zotsekemera, n'kukamupachika m'kachipinda momwe munali fani. Mkazi wanga anapita pampopi kukasamba m'manja kuti tikakhale patebulo. Mayi uja anamuimitsa.

"Mubwere Lamulungu masana."

"Lamulungu? Bakha wafa lero!"

"Khungu liume kaye, achemwali. Likapanda kuuma, mudzadya wa kwanu yemwe uja."

"Ndiye azingokhala pamphepo ngati bwana, ife tikagone ndi njala?"

Anadandaula njira yonse mpaka padepoti, koma ankadandaula mosangalala. Poti tinali kale ku Liwonde, anaganiza zopitirira ku Nselema kukathandiza amayi ake kumenya nandolo. Ine ndinali ndi mapepala a mayeso oti ndichonge, ndiye ndinabwerera ku Balaka. Tinagwirizana zokumana patebulo Lamulungu.

Tsikulo m'mawa anandiimbira foni. Tinalankhula pang'ono. Ndinasita malaya, ndinakwera minibasi, ndinafika ine poyamba.

Anandikhazika patebulo la pawindo, pomwe ndinkaona msewu wochokera ku Ntaja. Ndinaitanitsa tiyi. Nthawi imene tinapangana itakwana, bamboyo anatuluka atanyamula bakha wathu pathabwa. Sindikanamuzindikira. Anali wofiirira, wonyezimira, akutuluka utsi wonunkhira nkhuni ndi uchi. Anayang'ana mpando wopanda munthu, anayang'ana ine. Ndinati ali m'njira.

Anayamba kudula. Mpeni ukalowa, khungu linkalira ngati munthu waponda masamba ouma. Anayala tizidutswa tating'ono m'mbale, khungu palokha, mnofu palokha. Mayi uja anabweretsa timachapati topyapyala, anyezi wobiriwira, nkhaka ndi msuzi wakuda wotsekemera, n'kundionetsa mmene amakulungira.

"Akuti mudye pompano. Likazizira limafewa."

"Ndidikira kaye."

"Lawani kamodzi kokha. Akazi anu sadzawerenga."

"Iyayi, mayi. Ndidikira."

Ndinamuimbira. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinati ili m'chikwama, kapena minibasi yadzaza moti sangathe kuitulutsa. Minibasi iliyonse ikaima ndinkayang'ana otsika. Utsi wa m'mbale unachepa, kenako unatha. Mafuta anayamba kuyera m'mphepete. Bamboyo anabweranso, anakhudza khungu ndi kamtengo, anapukusa mutu, anabwerera m'khitchini.

Foni inalira. Nambala inali yake, mawu anali a mlongo wake.

"Alamu, muli pati?"

"Ku Liwonde. Wakusiyirani foni? Bakha akuzizira kuno."

"Alamu, kwerani galimoto mubwere. Tiika ikatha swala ya alasiri, chakumadzulo."

"Muika chiyani?"

Ndinafunsadi choncho. Kumbuyo kwake ndinamva azimayi. Kenako anandiuza. Mkazi wanga anakwera njinga yamoto ya kabaza kuchokera kumudzi kupita pamsewu. Pokhotera panatulukira lole. Wa kabaza anathyoka mwendo. Iye anamalizika asanafike naye kuchipatala. Anati zinachitika m'mawa ndithu, koma foni inagwera m'tchire ndipo nambala yanga inali momwemo.

Ndinatenga kapepala patebulo n'kupukuta pakamwa, ngakhale sindinadye kanthu. Ndinakankhira mpando mkati bwinobwino. Mayi uja anandifunsa ngati zonse zili bwino. Ndinati ndikubwera.

Za m'njira sindikumbukira zambiri. Pa Nsanama kondakitala anakangana ndi munthu wa mbuzi. Pa Ntaja tinaima nthawi yaitali ndipo sindinauze aliyense kuti ndikufulumira.

Kwathu ku Phalula maliro amadikira. Bambo anga atamwalira tinakhala nawo masiku, kuimba nyimbo, kudikira achimwene ochokera ku Joni. Munthu umakhala ndi nthawi yoti mutu umvetse. Mwambo wa Chisilamu ndinkaudziwa, ndinali nditanyamulapo maliro a anthu ena, koma sindinauganizirepo kuti ungadzandichitikire ine.

Nditafika anali atamusambitsa kale, atamukulunga m'nsalu zoyera. Manda anali atakumbidwa. Azakhali ake ananditengera m'nyumba, anavundukula nkhope pang'ono, ndinayang'ana. Panalibe bala pankhope. Anaphimbanso ndisanathe kuganiza choti ndinene. Tinaswali titaimirira. Tinanyamula jeneza, chithatha cha maliro, tikusinthana mapewa, tikuyenda mofulumira. Alamu anandigwira chigongono n'kunditsitsira m'manda kuti ndimulandire. Tinamugoneka chammbali. Pamene ndinkawerama ndinamva malaya anga akununkhirabe utsi wa bakha.

Dzuwa lisanalowe amuna anali akusamba m'manja. Amayi anga anafika kuchokera ku Phalula zonse zitatha, atanyamula chitenje chatsopano choti amufunditse mpongozi wawo. Anaima pabwalo nacho m'manja, akufunsa kuti maliro ali nyumba iti.

Bakha anafa Lachisanu, anakonzeka Lamulungu. Mkazi wanga m'mawa anali pafoni, madzulo anali m'dothi. Ndayesa kuziika zinthu ziwirizi pamodzi ndipo sizikhala.

Patapita milungu ndinatsika pa Liwonde posintha minibasi. Sindinafune kulowa, koma mayi uja anandiona ali pakhonde. Anali atamva kwa anthu a ku Nselema. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse, anandipepesa m'Chiyao, ndipo ndinayankha mawu amene ndinkawadziwa. Anandiuza kuti tsiku lija mbale sanazichotse mpaka potseka, poti ndinanena kuti ndikubwera. Sindinafunse kuti kenako anatani naye bakhayo.

Bamboyo anatuluka. Anaima patsogolo panga, anawerama pang'ono, analankhula mawu ochepa.

"Akupepesa," anatero mayi uja. "Akutinso tsiku lililonse mungabwere ndi bakha wina, adzakuotcherani. Akuti chimamuvuta n'chakuti simunalawe ngakhale kamodzi akadali wotentha."

Ndinathokoza. Sindinawafotokozere, ndipo sindinapiteko ndi wina.

M'mawa uja pafoni mkazi wanga ankamveka kuti ali pabwalo. Kumbuyo amayi ake ankamuitana kuti atenge nandolo wina wa kunyumba, iye akukana kuti chikwama chadzaza. Anandifunsa ngati ndasita malaya a buluu kapena ndavalanso aja a msuzi. Ndinati a buluu. Ndinamuuza kuti ndikhala nditafika kale iye akamatsika. Anaseka.

"Ine ndikudikira kabaza, ndichedwa pang'ono. Aphunzitsi, ndimakudziwani inu. Musayambe ndisanafike."