Mbande za Mayi a Tadala Ndinazitaya Kudzala

Lachiwiri lapitali mkazi wanga, mayi a Tadala, anabwerako ku Ntcheu komwe anakhala masabata atatu akusamalira mng'ono wawo amene wachira kumene. Ine mpaka lero ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe.

Tsiku lonyamuka anawokera mbande za matimati kuseri kwa nyumba yathu ku Ching'ambo. Mbewu yake si yogula. Ndi yakwawo, amaifinya okha n'kuiyanika pa chiguduli chaka ndi chaka, ndipo amainyadira kuposa satifiketi yanga. Malangizo anali amodzi: "Muzingothirira madzulo. Basi."

Patapita masiku anayi, masamba am'munsi onse chikasu! Ndinawonjezera madzi, pamene kuno ku Mzuzu mvula siichita kuitanidwa. Chikasu chinapitirira.

Mukuganiza kuti ndinafunsa? Ine, bambo wa tayi, kukavomera kuti kuthirira kwandikanika?

Ndinazula zonse, n'kukaziponya kudzala kuseri kwa chimbudzi, ulendo wa kumsika. Kumeneko a Nyirenda, bambo wogulitsa mbande, anandipatsa zobiriwira bwino. Ndinawokera mizere yomweyo, n'kusesa kuti pasaoneke phazi. Masiku anayi, chikasu chija bwerere. Ndinazulanso, ndinapitanso.

"Monire adada! Mwabweraso?" anatero a Nyirenda m'Chitumbuka, mano onse pamtunda. "Munda winu ukulu chomene, eti?"

Ndinavomera kuti ndi waukuludi. Munda wake mutayala mphasa ziwiri watha.

Mayi atafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Anaika chikwama pakhonde n'kulunjika kuseri. Anayang'ana bedi la matimati lija nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo a Tadala, ana awa ndi a yani?"

"Ndi anu omwe aja, mayi."

"Anga ndinawasiya masabata atatu apitawo. Awa ndi a dzana. Kapena akukula chobwerera m'mbuyo?"

Ndisanapeze bodza lina, anapita kuchimbudzi. Ndinangomva, "Tabwerani kuno!" Abale inu, pamwamba pa dzala, pakati pa makoko a nthochi ndi phulusa, mbande zawo zija zinali zitagwira, zitadzuka, zili biriwiri ngati zikundiseka. Zimene ndinkazisamala zinkadwala, zimene ndinazitaya zinachira zokha.

Ndi pamene anandiuza zomwe mlimi aliyense amadziwa. Mbande ikachoka panazale mizu imavulala, ndiye masamba am'munsi amayamba afota kaye. Umayang'ana kunsonga. Kukakhala kobiriwira, usiye, usamize ndi madzi, iphukira yokha. Safunsa anadya phula. Ine ndinadya kawiri, ndiponso lochita kugula.

Koma musandiseke ndekha. Matenda amenewa tili nawo ambiri. Kuofesi makina akangotsokomola, timawaphimba nsalu bwana asaone, mpaka aferetu. Alendo akuluakulu akamabwera, timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, dzenje lili pakati lili phee. Mwana akalephera mayeso, timauza abale kuti zotsatira sizinatuluke. Mphamvu zomwe timawononga pobisa vuto zikanakwana kulikonza katatu, ndipo nthawi zina silikhala vuto n'komwe. Timaopa chiyani pa mawu oti "sindikudziwa, tandiuzeni"?

Ine ndinkayembekeza kukalipiridwa. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kuyankhula motsitsa.

"Matimati si kanthu, bambo. Mbewu ndili nayo ina. Koma masabata atatu ndakhala ndikuimba foni tsiku lililonse, inu mukuti zonse zili bwino, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi takhala limodzi mwakhala mukundiuza mawu omwewo. Tsono tandiuzani lero, ndi kuti kwina kumene ndikayang'ane?"